KODI KUFUNA LOYA NDIKO KUTAYA MWAMBO?

Pali mau ena amene amveka kawirikawiri pamene banja lapasuka, kaya ndi m'makomboni a mu Lusaka ndi ku Migodi, kaya ndi m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke. Mkazi akati afunefune munthu wodziwa malamulo kuti amthandize pa nkhani ya ana ndi katundu, akuluakulu ena amgwira pa dzanja nati, "Iwe mwana, za m'nyumba sapita nazo kwa alendo. Kodi makolo athu anali ndi maloya?" Mau amenewa amveka ngati a nzeru cifukwa atuluka m'kamwa mwa anthu a imvi, ndipo akazi ambiri powamva amangobwerera kukakhala pansi ndi manyazi. Koma ali mau osokeretsa, ndipo amene asauka nao koposa ndiwo ana, amene pa mlandu wonsewo palibe awafunsa kanthu.

Yankho la funso la akuluwo ndi lapafupi: inde, makolo anali nao maloya, koma anali kuwacha ankhoswe. Pakati pa Acewa ndi Ansenga ukwati wopanda ankhoswe sunali kuyesedwa ukwati konse. Anthu anali kuuyesa cibwenzi cabe, ndipo ukatha mfumu sinali kufulumira kumva mlandu wace. Mwamuna anali ndi nkhoswe yace, mkazinso yace. Anthu amenewa anali kukumbukira zonse zimene zinanenedwa pa tsiku la cinkhoswe. Anali kudziwa amene anaswa mphanje, amene anamanga nkhokwe, ndi kumene inacokera mbuzi yoyamba m'khola. Pakabuka ndeu m'nyumba, ndiwo anali kuitanidwa usiku. Zinthu zikakanika, ndiwonso anali kuima pa bwalo kulankhulira munthu wao, kuti mkwiyo kapena misozi zisamlepheretse kunena zofunika, ndipo pomaliza ndiwo anali kugawa makasu, miphika ndi ziweto. Tsono mwambo weniweni sunanene kuti munthu akhale cete. Unanena kuti munthu asapite yekha ku mlandu wa banja, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene aletsa mkazi kufuna womlankhulira sali kusunga mwambo ai. Ali kuudula pakati, nasunga mbali yokhayo imene iwakomera.

Nkhoswe ifunikabe lero monga kale. Cimene casintha ndiwo malo okhala ndi zinthu zimene anthu akanganirana. Mnyamata wa ku Lundazi akomana ndi mtsikana wa ku Petauke mu Kitwe, ndipo pofuna kukwatirana apempha mnansi wa pa komboni kapena mkulu wa ku chalichi kuti akhale nkhoswe ya tsiku limodzi. Pakapita zaka khumi mnansi uja anasamuka kale, ndipo sadziwika kumene ali. Malume wa mkazi, amene kale anali mwini mbumba, ali kutali ku mudzi, ndipo iyenso alikubvutika ndi kulera ana a m'nyumba mwace. Katundunso salinso makasu ndi mbuzi. Tsopano ndi puloti imene kalata yace inalembedwa m'dzina la mwamuna yekha, ngakhale kuti mabuloko a nyumbayo anagulidwa ndi ndalama za tomato ndi kapenta zimene mkazi anagulitsa pa msika; ndi ngongole ya ku banki; ndi minibasi; ndi penshoni ya ku NAPSA. Nkhalamba yodziwa kugawa mbuzi, ngakhale ikhale ya nzeru cotani, singathe kumasula mfundo za mapepala otere.

Ndipo pamene mkazi akhala wopanda womlankhulira, alipo amuna ena amene aphunzira kubvala miyambo iwiri ngati malaya, kusintha monga mwa nyengo. Ikafika nthawi ya kugula yunifomu, mabuku ndi nsapato, kapena ya kupita ndi mwana ku cipatala, mwamuna wotere asanduka Mcewa weniweni, nati, "Ana ndi a kwa mai wao, ine ndinali mkamwini cabe. Malume wao awalere." Koma mwana yemweyo akakula napeza nchito, kapena ngati ali mtsikana ndipo pabwera womfunsira ndi ndalama m'mbale, mwamuna uja asanduka Mngoni wa kwa Mpezeni, nati, "Ndinalowola ine. Ana ndi anga." Mngoni weniweni akadamseka, pakuti kwa Angoni wolowola ndi ng'ombe ndiye anali kusunga ana m'mudzi mwace, kuwadyetsa ndi kuwakwatitsa. Mcewa weniweni akadamsekanso, pakuti mkamwini anali kulima munda ndi kudzaza nkhokwe imene ana anali kudyamo. Palibe mtundu ndi umodzi womwe umene unalola munthu kubala ndi kuthawa. Mwambo umene mwamuna wotere autama ndi mwambo wa m'thumba mwace, ndipo aopa loya cifukwa adziwa kuti pamaso pa lamulo adzayenera kubvala malaya amodzi.

Tsono kuyenera kuti ali yense adziwe m'mene malamulo a Zambia akhalira pa nkhani iyi, pakuti ambiri asokera pa khomo loyamba lenileni. Maukwati ali a mitundu iwiri. Ulipo ukwati wa mwambo, womangidwa ndi makolo ndi ankhoswe. Umenewu umasulidwa ku Local Court, ndiwo makhoti ang'onoang'ono amene lamulo la m'caka ca 1966 linawaika m'malo mwa makhoti a mafumu ndi a m'matauni a nthawi ya atsamunda. Uliponso ukwati wolembetsa ku Boma, kapena m'chalichi cimene ciri ndi cilolezo ca Boma. Umenewu makhoti ang'ono alibe mphamvu ya kuumasula. Mphamvuyo iri ndi khoti la High Court lokha, potsata lamulo la m'caka ca 2007. Lamulo limeneli sililola munthu kupempha cisudzulo caka cimodzi cisanathe cikwatirane, ndipo lifuna kuti wodandaula aonetse kuti ukwati wafa kotheratu. Njira zoonetsera ziri zisanu: cigololo, khalidwe loipa lakuti mnzace sangathe kukhala nalo, kusiyidwa kwa zaka 2, kukhala padera zaka 2 ngati onse awiri abvomereza cisudzulo, kapena kukhala padera zaka 5 ngati wina akana. Alipo anthu amene anakwatirana ku Boma, pambuyo pace nasudzulana pamaso pa acibale, nayesa kuti zatha. Wotere akakakwatira kwina apalamula mlandu, cifukwa pamaso pa lamulo ukwati woyamba ukali moyo. Ola limodzi lokha ndi munthu wodziwa malamulo likadamuombola ku tsoka limeneli.

Wina adzati, "Nanga popeza maukwati ambiri ali a mwambo, ndipo loya saloledwa kulankhula ku Local Court, phindu lace n'ciani?" Ndi zoona kuti lamulo la 1966 liletsa loya kuimirira munthu m'makhoti amenewa pa milandu ya ukwati. Koma cimeneci ndico cifukwa cacikulu cofunira uphungu munthu asanalowe, pakuti m'katimo adzaima yekha, ndipo zimene sanazikonze ali kunja sadzazipeza m'kati. Woweruza ali ndi milandu yambiri pa tsiku, ndipo kawirikawiri ayankha zimene wapemphedwa. Mkazi amene atha nthawi yace yonse kufotokoza za cibwenzi ca mwamuna wace, naiwala kuchula nyumba, munda ndi sukulu ya ana, atuluka ndi kalata ya cisudzulo yokha m'manja. Ambiri sadziwa kuti m'caka ca 1991 lamulo linakonzedwa kuti makhoti ang'onowa athe kulamula ndalama za mwezi ndi mwezi zothandizira wosudzulidwa, kufikira zaka 3 kapena kufikira atalowa ukwati wina. Ambirinso sadziwa kuti ciweruzo ca ku Local Court si mau otsiriza. Munthu wosakhutira angathe kucita apilo kwa majisitireti m'kati mwa masiku 30, ndipo kumeneko loya aloledwa kulankhula. Masiku 30 sacedwa kutha kwa munthu amene alikulira, ndipo acibale amene amuuza kuti ayambe wadikira mtima utsike sadziwa kuti alikumtsekera citseko.

Kuti kulimbikira mlandu si cinthu cacabe kuoneka pa milandu iwiri yodziwika bwino kwa ophunzira malamulo. M'caka ca 1977 khoti la High Court linamva dandaulo la mkazi wina wokwatiwa mwa mwambo wa Alozi, ndipo linapeza kuti mwambowo sukakamiza mwamuna kugawana cuma ndi mkazi amene wamsudzula, kapena kumsamala ukwati utatha. M'caka ca 2000 khoti la Supreme Court linamva mlandu wina, wa anthu okwatirana mwa mwambo wa Aushi, umene unayambira ku Local Court ya ku Mufulira. Mkazi wa mlandu umenewo sanakhutire ndi zimene anapatsidwa. Anakwera kwa majisitireti, nakweranso ku High Court, mpaka anafika pamwamba penipeni. Kumeneko oweruza ananena kuti mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la cuma cimene cinapezeka m'ukwati, ndi kuti nchito yace ya kusunga nyumba ndi kulera ana iwerengedwe monga thandizo pa kupeza cumaco. Ciweruzo cimeneco catsegulira njira akazi ambiri. Koma makwerero anai otere sakwera munthu amene sanauzidwe kuti alipo.

Za ana ndizo zazikulu koposa zonse. M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inasonkhanitsa malamulo akale a ana m'lamulo limodzi lochedwa Children's Code Act. Mutu wace ndi uwu: pa mlandu uli wonse wokhudza mwana, cimene ciyamba ndico ubwino wa mwanayo. Funso loyamba la khoti si lakuti ng'ombe zinali zingati, kapena mbumba ndi ya yani. Khoti lifuna kudziwa kumene mwana adzadya, adzagona, adzaphunzira ndi kukhala wopanda mantha. Udindo wa kulera uli pa atate ndi amai onse awiri, kaya anakwatirana, kaya sanakwatirane, kaya analekana. Ndalama zosamalira mwana si mphatso imene mwamuna apatsa mkazi akakondwa, ndiponso si cilango. Ndico cakudya ca mwana wace. Cotero mkazi amene anena modzitama kuti, "Sindifuna ngwee yace, ndidzalera ndekha," alikutaya cinthu cimene siciri cace. Ndiponso mau awa sali a akazi okha. Alipo amuna amene alipira mokhulupirika koma aletsedwa kuona ana ao, ndipo alipo amene anatsala ndi ana mkazi atathawa. Iwonso asamenye nkhondo ndi nkhonya, kapena kukaba mwana pa cipata ca sukulu. Afune wowalangiza, awauze khoti loyenera mlandu wa mwana, napemphe kumeneko kuti aikiridwe masiku a kuonana naye.

Cotsutsa cimene ciri ndi mphamvu ndico ca ndalama. Loya wodziimira payekha ndi wodula, ndipo wogulitsa makala kapena mlimi wa nshawa sangamfike. Ndiponso ngakhale sukulu ya malamulo inatsegulidwa pa Yunivesite ya Zambia m'caka ca 1967, ndipo maloya acuruka kuyambira pamenepo, ambiri a iwo aunjikana m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone, kumene kuli makampani ndi milandu ya ndalama zambiri. Mai wa ku Chadiza kapena ku Chama ayenera kugulitsa nkhuku kuti akwere basi asanaone n'komwe citseko ca ofesi. Ici ndi colakwa ca dziko, ndipo Boma pamodzi ndi maloya eni ace sayenera kugona naco tulo. Ufulu wolembedwa m'buku la malamulo, umene wosauka sangaufike, uli ngati nkhokwe yodzala yopanda makwerero.

Koma kudula kwa loya sikunena kuti makomo onse ali otseka. Lamulo la kuthandiza osauka pa milandu liripo kuyambira 1967, ndipo linalembedwanso mwatsopano m'caka ca 2021. Bungwe la Legal Aid Board, limene liri ndi maofesi m'mizinda yambiri, ndi mu Chipata momwe, lipereka loya kwa munthu amene lapeza kuti alibe cuma cokwanira. Lamulo la 2021 linabvomerezanso anthu ochedwa maparalegal, amene sali maloya koma anaphunzitsidwa kulangiza anthu, kuwathandiza pa makalata ndi kuwalozera khomo loyenera. Ena a iwo apezeka pa makhoti a majisitireti ndi pa mapolisi. Kulinso National Legal Aid Clinic for Women, imene bungwe la maloya, Law Association of Zambia, linayambitsa m'caka ca 1990 kuti ithandize akazi ndi ana osauka, ndipo iri ndi maofesi mu Lusaka, Ndola ndi Livingstone. Pamene pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, munthu asayembekeze za cisudzulo. Apite ku Victim Support Unit ya apolisi, pakuti lamulo loletsa nkhanza la m'caka ca 2011 lipatsa khoti mphamvu ya kuletsa wankhanzayo kumyandikira. Makomo onsewa atsegukira iye amene agogoda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Posankha loya pafunika maso. Pa makomo a makhoti payendayenda anthu obvala majekete, onyamula zikwama, amene alonjeza kuti adziwana ndi woweruza ndipo adzakonza zonse ndi ndalama pang'ono. Amenewa ndi akuba, ndipo wowakhulupirira ataya kawiri, ndalama ndi mlandu womwe. Loya weniweni ali ndi ofesi, ali ndi cikalata ca caka cimeneco comlola kugwira nchito, ndipo dzina lace lingafunsidwe ku Law Association of Zambia, kumenenso munthu angakadandaule ngati loya wadya ndalama osagwira nchito. Wofuna thandizo afunse poyera ngati loyayo anazolowera milandu ya mabanja, pakuti katswiri wa milandu ya makampani angathe kukhala mlendo pa za ana. Afunse mtengo pa tsiku loyamba, aupemphe wolembedwa, ndipo pa ngwee iri yonse imene apereka alandire risiti. Asabvomere kuti loya wa mwamuna athandize onse awiri, cifukwa ngakhale ku mudzi nkhoswe imodzi sinali kuimira mbali ziwiri. Loya amene alonjeza cipambano asanaone pepala ndi limodzi lomwe ndi wabodza. Wabwino ayamba ndi kufunsa, ndipo nthawi zina anena zowawa.

Wodandaulanso ali ndi mbali yace. Apite ndi kalata ya ukwati ngati iripo, kapena maina a ankhoswe ndi a mboni zimene zinaona malowolo. Makadi a ana a ku cipatala ndi makalata a kubadwa kwao. Marisiti a sukulu, a nyumba ndi a mankhwala. Ndi ciri conse coonetsa malipiro a mnzaceyo ndi katundu amene anapezera pamodzi. Anene zoona zonse, ndi zomcititsa manyazi zomwe, pakuti cimene munthu abisira loya wace cidzatulukira m'kamwa mwa mnzace pa bwalo. Ndipo ngati awiriwo agwirizana mwamtendere, cimene ciri cabwino koposa, panganolo lilembedwe ndi kudindidwa ndi khoti. Lonjezo la pakamwa lakuti, "Ndizitumiza mwezi ndi mwezi," likhala miyezi itatu, kufikira mwamuna atapeza mkazi wina. Koma lamulo la khoti liri ndi mano, ndipo wolinyoza aitanidwa kukayankha.

Otsiriza ndi aja amene ati maloya apasula mabanja. Kuyanjanitsa kuli ndi malo ace, ndipo ankhoswe, alangizi ndi akulu a mpingo ayenera kuyesa ndi mtima wonse. Lamulo la 2007 lomwe lipatsa khoti mpata wa kuimitsa mlandu ngati pali ciyembekezo cakuti awiriwo angabwererane. Koma banja limene mwamuna anacokamo zaka zitatu zapitazo, limene ana ace apita ku sukulu ndi mimba yopanda kanthu, silinapasulidwe ndi loya. Sing'anga sabweretsa nthenda pakuichula dzina. Ndipo n'codabwitsa kuti mau akuti "pirira" anenedwa kwa mkazi yekha ndi ana ace, osati kwa iye amene athera malipiro ace ku mowa kapena m'nyumba yaciwiri. Olangiza kupirira aja madzulo abwerera kwao nakadya nsima. Njala ya anawo sagona nayo. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Nkhani iyi igwera makamaka anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu. M'mabanja ambiri iwo ndiwo okha odziwa kuwerenga cisamani colembedwa m'Cingerezi, kuwerenga masiku 30 pa kalendala, ndi kufunsa pa ofesi mopanda mantha. Mlongo wao, azakhali ao kapena amai ao enieni akadzaona tsoka la banja, iwo asadzakhale m'gulu la onena kuti za m'nyumba sapita nazo kwa alendo. Adzamperekeze ku Legal Aid Board, adzamsungire marisiti, adzamlembere maina a mboni. Ndipo anyamatawo, amene mawa adzakhala atate, adziwe kuyambira lero kuti ukwati ungathe kutha, koma ubale wa atate ndi mwana sumasulidwa ndi khoti liri lonse. Kale mudzi sunali kulola mwana wace kupita yekha ku bwalo. Mudzi wabalalika, koma ana akali kubadwa ndipo akali kumva njala. Tsono nchito ya nkhoswe iyenera kugwiridwa ndi amene adziwa njira za bwalo la lero.